Lumo Linandilumpha

Amuna anga anali nzika, ine ndinali indijena, koma tinkagona pa kama mmodzi. Ana a masiku ano mawu amenewa sawadziwa, ndiye ndiyambe ndi kuwamasulira. Nthawi ya Apwitikizi munthu wakuda aliyense ankabadwa indijena. Ankayenda ndi chitupa, asipayo, apolisi akuda a boma, ankatha kumugwira tsiku lililonse n'kukamukankhira ku chibalo, ndipo mwana wake sankaponda pa shikola ya boma. Panali ochepa okha, odziwa Chipwitikizi ndiponso a ntchito ya malipiro, amene boma linkawapatsa pepala lowatulutsa m'gulu limeneli. Amenewa ankatchedwa asimiladu, nzika za dziko la Apwitikizi. Amuna anga anali mmodzi mwa iwo, mlembi wa ku mgodi wa malasha ku Moatize, munthu wa ku Nyungwe amene sankatuluka m'nyumba asanadzione nkhope pa nsapato zake.

Anandipeza kwathu ku Zobwe zaka za m'ma 1950 zitangoyamba. Anabwera kudzapuma kumphepo atadwala malungo, n'kundiona ndikusoka kwa masisitere, kumene ndinatola Chipwitikizi changa chochepacho, chokwanira kupempherera ndi kupepesera. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, n'kumanga nyumba pamene amulozera, ana n'kukhala a kuchikazi. Tsono amalume atamva kuti mlendoyu akufuna kunditenga kupita nane ku Moatize, anafunsa ngati ndinali mbuzi. Amayi ndiwo anadula nkhani. Anati, "Musiyeni apite. Kuno angodzabereka ana oti asipayo azidzatola." Achimwene anga anali atangobwerako ku chibalo cha pamsewu, mapazi ali ong'aluka, ndipo palibe amene anatsutsa.

Ine ndinkayesa kuti padiri, wansembe wathu, akangotidalitsa, mawa lake ndidzadzuka ndili nzika. Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Anandifotokozera kuti lamulo limalola mkazi kutsata mwamuna wake, inde, koma osati mwaulere. Mzungu wa ku boma ankayenera kubwera kunyumba kudzaona mmene ndimakhalira, kudzamva Chipwitikizi changa, ndi kufunsa kwa anthu ngati ndinasiyadi miyambo ya kumudzi. Akakhutira, ndilandira pepala langa, ndipo ana athu adzalowa shikola ya boma popanda wowakaniza. Akapanda kukhutira, manyazi onse agwera amuna anga, ndipo iwo ankaopa kuti ngakhale pepala lawolo likhoza kulandidwa. Tsiku lobwera mzunguyo silinkanenedwa. Tinangolembetsa n'kuyamba kudikira, ndipo kudikirako kunatha zaka.

Ndiye ndinalowa chinamwali chachiwiri, namkungwi wake ali amuna anga. Anandivula mikanda ya m'chiuno n'kuitsekera m'kachitini. Nsalu yomanga m'chifuwa inaletsedwa, mpango wa kumutu unaletsedwa, mphasa inapindidwa n'kuimikidwa kuseri kwa chitseko. Ndinaphunzira kulimbana ndi nsomba ya mumtsinje wa Revubwe ndi mpeni ndi kachitsulo ka mano kaja ankati galufu, manja anga ali pomwepo, abwinobwino, akungoonerera. Mwana wathu woyamba atabadwa, wamkazi, bambo ake anamugulira kangolo ka ana kwa Mpwitikizi wina amene ankabwerera kwawo, kuti ndisamamubereke kumsana. Magudumu ake ankatitimira m'fumbi la malasha. Ndinkafika ku kantina, kasitolo ka Mmwenye, ndikukoka kangoloko chafutambuyo, mwana akulira, amayi a m'njira akuluma milomo kuti asaseke.

Koma chachikulu chinali tsitsi. Ndili wamng'ono ndinkadwala mutu kwambiri, ndipo amayi ananditema mphini m'mbali mwa mutu, pamwamba pa makutu. Mphini sizivulidwa ngati mikanda. Amuna anga anati ndiwete tsitsi, ndiziliwongola ndi chipeso chotenthetsa pamakala, ligwere pamwamba pa mphinizo monga ankapesera madona a ku Nyungwe. Kwathu mkazi wa tsitsi lalitali ankafunsidwa ngati akudwala. Langa linakula, ndipo ndisaname, linandikhala. Ndinkalikonda ndikaima pagalasi, n'kumachita nalo manyazi ndikatuluka panja.

Nyumba yathu inali pa kamzere ka nyumba za njerwa, pakati penipeni. Kumtunda kunali azungu, kumunsi kunali misasa ya anthu a mumgodi wa Chipanga. Madona a kumtunda sankandiona n'komwe. Maso awo ankandidutsa n'kukagwera pa mlambe wa kumbuyo kwanga. Amayi a kumunsi ankandiona mopitirira muyeso. Ndikatsikira kumtsinje, phokoso lonse la Chinyungwe linkazima, wina n'kunena mwaulemu, "Muli tani, Dona?" n'kundichokera pamwala wabwino wochapira. Ndinkachapa ndekha pamwala wabwinowo, ndipo nkhani zinkayambanso ndikafika patali. Patsogolo pake amuna anga analetsa ndi kumtsinjeko, n'kulemba munthu wotitungira madzi.

Kuyambira pamenepo ndinkatha tsiku lathunthu osalankhula ndi munthu wamkulu. Ndinkasesa fumbi lakuda m'mawa, masana linali litabwerera, ndinkasesanso. Ku kantina kunali mkazi wa Mmwenye amene ankakhala kuseri kwa nsalu yotchinga, akusankha mpunga. Tinkagwedezerana mitu, nthawi zina ankaponyera mwana wanga kachipatso kouma, koma tinalibe chinenero choti tikumanepo. Ndinkasowa nkhungu ya ku Zobwe, ndi kuzizira komwe kuja ndinkakutukwana ndili mtsikana. Ndinali wosungulumwa, ndinene mosabisa, wosungulumwa mpaka kumafunsa nkhuku mmene zadzukira. Ndikafuna kudandaula ndinkadziuza kuti walira mvula walira matope, n'kupitiriza kusita malaya.

Msewu wanga wokhawo wopita kwathu unali achimwene. Ankabwera nthawi zina pa kamiyau, galimoto yonyamula katundu ya Mmwenye wa ku Zobwe, atakhala pamwamba pa matumba a mbatata ya kachewere imene ankagulitsa kwa azungu a mgodi. Ankaima pampanda osalowa, ati fumbi la m'miyendo mwawo lingaipitse nyumba ya alamu. Ankandiuza amene wakwatiwa, amene wathawira ku Nyasalande, mbuzi ya yani yagwidwa ndi fisi, ndipo ankandiseka kuti ndanenepa ngati mkazi wa shefu, bwana wa ku boma. Akachoka ndinkabwereza nkhanizo mumtima sabata yonse.

Amayi anabwera kamodzi kokha, kudzaona mdzukulu. Amuna anga anayala nsalu yoyera pa gome, n'kuwakokera mpando mwaulemu wonse umene anauphunzira kwa azungu. Amayi anangotsala pang'ono kuthawa. Kwathu apongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, akakumana m'njira wina amapatukira kutchire, tsono ati adyere pamodzi, maondo akugundana? Anatenga mbale yawo n'kukakhala pansi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la nkhuku. Amuna anga atabwerera kuntchito, ndinavula nsapato n'kukakhala nawo, ndipo tinadya ndi manja mbale imodzi. M'zaka zonse za ku Moatize sindikumbuka chakudya china chimene chinatsika bwino chotero.

Anandiyang'ana mutu nthawi yaitali.

"Nanga tsitsi lonseli, mwanawe, ukuweta kuti udzagulitse?"

Ndinaseka n'kuwauza zonse, za mzungu amene tikumudikira, za pepala, za shikola ya mwana. Ndinawonjezeranso nkhani imene amuna anga ankakonda kundiopseza nayo, ya mkazi wa munthu wina wa ntchito ya kuchipatala, amene mzungu wa boma anamupeza ali ndi mpala atangochokera ku maliro a kwawo. Atamufunsa chifukwa chake, mayiyo ananena zoona, ndipo pepala lake linathera pomwepo. Ine ndinkaikamba ngati nthabwala, ndikuyeserera mayendedwe a mzunguyo. Amayi sanaseke. Anapukuta dzanja pa nsalu yawo, n'kulowetsa zala m'tsitsi langa mpaka anapeza mphini zija.

"Ndinatema ndine izi."

"Ndinu, amayi."

"Mutu unasiya?"

"Unasiya kalekale."

"Chabwino. Ndamva."

Mawa lake anabwerera, ati kutentha kwa ku Moatize kukuwaphika amoyo.

Chaka chotsatira, mvula ili pakati, kamiyau inaima pampanda pathu popanda achimwene. Woyendetsa anatsika yekha n'kuvula chipewa, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa. Amayi anali atamwalira ndi chibayo. Msewu unali utaonongeka ndi matope, uthenga unachedwa, ndipo anali atawaika kale. Chimene chinanditsalira chinali kumeta.

Kwa amene sadziwa, masiku angapo maliro ataikidwa, abale onse a womwalira amasonkhana n'kumetedwa mpala, kuyambira ana ake. Ife tinali Akatolika, ndipo padiri ankachita ngati sakuona, koma panalibe banja limene linkalumpha zimenezi. Tsitsi limene unali nalo munthuyo ali moyo limachoka n'kukakwiriridwa, ndipo aliyense wokumana nawe m'njira amadziwa kuti ndiwe mwini maliro. Pometa m'pamene mudzi umaona kuti womwalirayo wasiya ndani. Kenako, anthu akakolola, amafulula mowa n'kumetanso kachiwiri, kutsanzikana naye kotheratu. Ine amayi sindinawadwazike, sindinawasambitse, sindinaponye dothi. Ndinkafuna kukakhala pamzere umenewo pakati pa abale anga, kuti aliyense aone kuti nanenso ndine mwana wawo.

Amuna anga anapita okha ku boma kukanditengera chilolezo cha ulendo, popeza indijena sankangonyamuka mmene wafunira. Pobwera anakhala pa kama, chipewa chili m'manja, akundiyang'ana ndikumanga katundu.

"Pitani mukalire, amake mwana. Mukalire mpaka mawu athe. Koma mutuwo mubwere nawo mmene ulilimo."

"Ndi amayi anga, bambo."

"Ndikudziwa. Koma ndamva ku boma kuti nthawi yathu yayandikira. Zaka zonsezi, mufuna zithere pa lumo?"

"Nanga ndikakhale bwanji pakati pa abale anga ndi chitsitsi chonsechi, ngati mlendo wodzapepesa?"

Anayang'ana mwana amene ankakwawa pansi, n'kunena motsitsa mawu, "Si za ine ndekha." Sanali munthu woipa amuna anga. Anali atakwera mtengo wautali okha, ndipo moyo wawo wonse ankaopa kuterereka. Ndinawamvera chisoni, koma sindinalonjeze kanthu.

Kamiyau itangotuluka m'Moatize ndinavula nsapato, n'kutulutsa nsalu imene ndinabisa pansi pa katundu, n'kubereka mwana kumsana. Anagona nthawi yomweyo, tsaya lili pakati pa mapewa anga. Tinadutsa milambe, tinakankha kamiyau m'matope, ndipo tisanafike n'komwe ku Nkondezi ndinali nditasankha. Ndikameta. Pepala lidikire tsitsi lina, ndipo ngati silifuna kudikira, likhale. Nditangoganiza choncho mtima unapepuka, ndipo msewu utayamba kukwera mapiri, mphepo yozizira itandiomba kumaso, ndinangopezeka ndikulira mokhala ngati ndikupuma.

Ndinayambira maliro panjira, monga amachitira mwana wochokera kutali, ndipo akazi anatuluka kudzandichingamira n'kundigwirira mpaka pa siwa, nyumba ya amayi imene olira anasonkhanamo. M'menemo ndinalira mpaka kukhuta. Koma nditangokweza mutu ndinapeza wina wathamangira kwa aphunzitsi a katekisimu kukabwereka mpando.

"Khalani apa, Dona, pansi pali chinyontho."

Anali msuweni wanga, amene tinkaba naye mapapaya a kwa masisitere.

"Iwe, Dona wake uti? Chotsa chimpando chakocho ndisanakuswere nacho mutu."

Akazi anaseka misozi ili m'masaya, mpando unatuluka, ndipo ndinaganiza kuti nkhondo ndaipambana. Ndinagona nawo pamphasa, ndinatunga nawo madzi, ndinasinja nawo chimanga mpaka manja anga ofewawo anatuluka matuza. Ankandiseka kuti munsi ndikuugwira ngati kandulo ya kutchalitchi, ndipo kusekedwako kunkandikomera.

Tsiku lometa tinasonkhana m'mawa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi. Amuna anapita mbali ina ndi amalume. Lumo la akazi m'banja mwathu ankagwira ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, munthu wa mawu ochepa ndi dzanja lokhazikika. Tinakhala pansi monga mwa kubadwa kwathu, mkulu wanga poyamba, ine pakati, mng'ono wanga pambuyo, kenako asuweni ndi adzukulu. Ine ndinali nditamasula kale tsitsi langa n'kulinyowetsa, moti linafota n'kubwerera mmene Mulungu analipangira. Mwana ndinamukhazika pamiyendo. Ndinamva lumo likupala mutu wa mkulu wanga, tsitsi likugwera paphewa langa, ndipo ndinaweramitsa mutu kudikira.

Amayi aang'ono anapukuta lumo pachikhato, anaimirira, anadutsa kumbuyo kwanga, n'kukanjuta kumbuyo kwa mng'ono wanga.

Ndinaganiza kuti mwina tsitsi langa lachuluka, afuna ayambe ndi osavuta. Ndinadikira. Anameta mng'ono wanga, anameta asuweni, anameta adzukulu mmodzimmodzi, ena akulira, ena akuseka. Mwana wanga anatambasula dzanja kufuna lumo lonyezimiralo, iwo n'kumuzemba. Atamaliza womaliza anayamba kutsuka lumo m'phale.

"Amayi, mwandiiwala."

"Sindinakuiwale."

"Ndimeteni tsono."

"Iwe ayi."

Ndinayang'ana mkulu wanga, iye n'kuyang'ana nthochi.

"Ndalakwanji ine? Kodi sindinatuluke m'mimba imodzi ndi awa?"

"Sunalakwe kanthu, mwana wanga. Amako, akulu angawo, anandiitana ali gone, mawu akutha. Anati, uja wa ku Moatize lumo lisamukhudze, ndi kamwana kake komwe. Tsitsi lakelo ndi la pepala. Ndinamutema kale ndine, ndisamuonongerenso ndili m'manda. Anandibwerezetsa mawuwo pamaso pa amalume ako."

Ndinawagwira pamkono, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wamkulu.

"Pepalalo ndalikana ine! Mutuwu ndi wanga. Ndimeteni, amayi, chonde."

"Mutu ndi wako, koma mawu ndi a womwalira. Ndani angawalumphe? Ine ayi. Ndili ndi ana."

Amalume anali atamva phokoso, ndipo anatulukira ndi mutu wawo wonyezimira. Sanakalipe. Anati, "Amako anakukonda, mphwanga. Landira." Zikanakhala bwino akanakalipa, chifukwa wokalipa umatha kumuyankha.

Lumo linali pomwepo pamwala, ndikanatha kulitola. Koma kudzimeta wekha si kumeta maliro, ndi kungochotsa tsitsi, ndipo akanati wa ku Moatize wapenga. Ndinakhala pansi pomwepo ndikuona akusesa tsitsi la onse n'kukalikwirira. Pambuyo pake panayamba nthabwala zimene zimabwera nthawi zonse anthu akameta. Anaseka mutu wa achimwene kuti ukunga chipanda, anaseka makutu a mng'ono wanga, aliyense akusisita mutu wa mnzake. Ine panalibe chondiseka. Masana kunabwera mayi wina wokalamba wa mudzi wa kutsidya, amene anachedwa kudzapepesa. Anayenda akugwira chanza onse a mipala, atafika pa ine anaima.

"Alendowa ndi a kuti?"

"Ndi a ku Moatize," anatero amayi aang'ono.

Sananame. Ndinadikira kuti awonjezere, koma iwo anaona kuti ayankha zimene anafunsidwa. Ndinakwiya nawo amayi anga tsiku limenelo kuposa mmene ndinakwiyirapo ndi munthu wamoyo, ndipo ndinalibe kokawapeza. Ndinapita kumanda ndi mawu odzaza m'kamwa. Nditaona mtumbira waufupi uja, dothi likadali lofiira, ndinakumbuka kuti anafa akuganiza za shikola ya mwana wanga, ndipo mawu onse anandithawa.

Nditafika ku Moatize amuna anga anandiyang'ana kumutu asanandiyang'ane kumaso. Anandigwira manja onse awiri n'kuyamba kundithokoza, maso ali ofiira.

"Musathokoze ine, bambo. Thokozani apongozi anu."

Nditawafotokozera anapita kukalembetsa misa ya amayi kwa padiri. Ndi mmene iwo ankadziwira kulira.

Mzungu uja anabwera mvula itangotha, masana dzuwa likuswa mtengo. Anali mnyamata wofiira ndi thukuta, wofulumira kubwerera pamthunzi. Anasuzumira kuchipinda n'kuona kama, anatsegula kabati n'kuona mbale, anandifunsa m'Chipwitikizi chimene ndaphika ndi dzina la padiri amene anatikwatitsa. Ndinayankha bwino. Anapempha madzi, anamwa, analemba, anapita. Nthawi yonseyo maso ake sanakwere kupitirira chibwano changa. Ndikanakhala ndi nyanga sakanaziona.

Pepala linabwera, ndipo amuna anga anaphetsa mbuzi n'kuitana anzawo a pamzere wathu. Ine ndinamwetulira mmene mkazi wa pakhomo amayenera kumwetulira, koma mtima wanga unali pa china. Amayi analetsa lumo chifukwa cha pepala. Tsopano pepala linali m'kabati, ndipo kumeta kwachiwiri kunali kusanachitike. Mawu a womwalira anali atagwira ntchito yake, panalibenso choti amayi aang'ono aope. Chilolezo cha ulendo sindinkachifunanso, nzika imapita kumene yafuna. Ndinauza amuna anga ndikuyembekezera mkangano, koma iwo anangopumira m'mwamba.

"Pitani. Mukabwera muzingokhala m'nyumba mpaka limere. Apongozi ndili nawo mangawa a ulemu."

Ndinatumiza uthenga kwathu pa woyendetsa kamiyau kuti pepala lija latuluka. Za kumeta sindinatchule, chifukwa mwana wa womwalira sadziitanira, amangouzidwa tsiku. Ndinawasokera amayi aang'ono malaya. Ndinasiya kuwongola tsitsi, ndinaleka ndi kulidzoza, popeza linali lakupita. Ndinkadziwa nthawi imene amakolola ku Zobwe, ndinkadziwa utali umene chimera chimatenga kuti chimere ndi kuuma, ndipo ndinkaphika mowawo mumtima pamodzi nawo. Kamiyau iliyonse yochokera kumapiri inkanditulutsa panja.

Achimwene anabwera kutayamba kutentha, masau atatha m'mitengo. Ndinawaona akutsika pamatumba n'kuthamangira kumpanda, mwana ali m'manja. Iwo anaima pamalo pawo pa nthawi zonse n'kuvula chipewa kuti andipatse moni. Mutu wawo unali wopalidwa chatsopano, ukadali ndi mabala a lumo.

"Mwameta liti, achimwene?"

"Sabata yathayi."

"Osandiuza?"

Anazunguza chipewa m'manja. "Tinamva za pepala lija, tinakondwa mudzi wonse. Amalume anati tsono ndiye basi, munthu wa boma sitingamukokerenso ku za mowa ndi malumo, angalowe m'mavuto chifukwa cha ife. Tinati tisakuvutitseni."

Sindikudziwa chimene anaona pankhope yanga, koma anafulumira kunditonthoza, ndi mtima wabwino wokhawokha.

"Musadandaule, mlongo wanga, zinayenda bwino kwambiri. Mowa unakwana, anthu anakhuta, amayi tawaperekeza mwaulemu. Ana awo tonse tinalipo."

Ndinawathokoza pobwera kudzandiuza.